Kodi Batire Lidzalanda Malo a Petulo?

Petulo akasowa ku Limbe, anthu a pa Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, amadziwa tsiku lomwelo, osadikira za pa wailesi. Wakabaza amene dzulo amakutengani pa mtengo wozolowereka, lero akuti muwonjezere, poti mafuta wagula a m'chigubu kwa mavenda. Mayi wopita ndi tomato kumsika amawerengera phindu lake n'kupeza kuti lathera panjira. Wodwala wofuna kukafika kuchipatala cha pa boma la Chiradzulu kapena ku Nguludi amayamba wafunsa mtengo asanaganize za matenda ake.

Ambiri mwa mafuta amenewa amachokera kunja. Sitima zapamadzi zimawatsitsa pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amalowa m'dziko muno atalipiridwa ndi ndalama zakunja zomwe timazipeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Ndalamazo zikachepa, mizere ya magalimoto imatalika m'malo omwetsera mafuta, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, n'kubwerezanso kuyambira mu 2022. N'chifukwa chake nkhani ya galimoto yosamwa mafuta, yongotchaja ngati foni, imamveka mokoma m'makutu a Mmalawi. Funso n'lakuti, kodi galimoto yotereyi idzachotsadi ya petulo pamsewu? Nanga kuno kwathu adzayambe kuigula ndani?

Mpikisano unayamba kalekale

Ambiri amaganiza kuti galimoto ya magetsi yabwera dzulodzuloli. Ayi ndithu. Pamene John Chilembwe anapita ku America mu 1897, chaka chomwecho mumzinda wa New York munayamba kuyenda matakisi a magetsi. Mu 1899 galimoto yoyamba kupitirira liwiro la makilomita 100 pa ola inali ya magetsi, ndipo anaiyendetsa Camille Jenatzy ku France. Chilembwe atabwerera kudzakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe mu 1900, pafupifupi galimoto imodzi mwa zitatu zilizonse za ku America inali yoyendera batire. Anthu ankazikonda chifukwa zinalibe phokoso ndi utsi, komanso sizinkafuna kupukusa ndi dzanja poliza, monga zinkakhalira za petulo.

Nanga zinagonja bwanji? Mu 1908 Henry Ford anatulutsa galimoto ya petulo yotsika mtengo, ya Model T. Mu 1912 kunabwera sitata, kamota koliza injini popanda kupukusa. Mafuta anapezeka ambiri ndipo anatchipa, misewu inatalika, ndipo mabatire a nthawiyo, omwe anali a mtovu ndi asidi ngati amene timaika pa sola, anali olemera koma osafika patali. Ogula anasankha chotchipa ndi chofika kutali. Zifukwa ziwiri zomwezi ndi zimene zikugamula mlanduwu mpaka lero.

Chasintha ndi batire. Batire la lithiyamu, mtundu womwewo uli mufoni yanu, limasunga mphamvu yochuluka m'kanthu kopepuka. Mtengo wake watsika kwambiri: kuchokera mu 2010, watsika pafupifupi kakhumi. Zotsatira zake n'zakuti mu 2024 padziko lonse panagulidwa magalimoto a magetsi oposa 17 miliyoni, kutanthauza imodzi mwa zisanu zilizonse zatsopano. Ku China anali pafupifupi theka, ndipo ku Norway, mwa magalimoto atsopano 10 alionse, pafupifupi 9 anali a batire lokhalokha.

M'kati mwake muli chiyani?

Injini ya petulo imagwira ntchito potentha mafuta. Petulo amasakanikirana ndi mpweya, pulagi imathetheka, kusakanizako kumaphulika n'kukankha pisitoni, ndipo kukankhako kumadutsa m'magiya kukazunguliza matayala. Zitsulo zosuntha zilimo mazanamazana, zonse zofuna oyilo ndi kuziziritsidwa. Choipa chake chachikulu sichioneka ndi maso: pa mphamvu yonse ya mu lita imodzi, yoposa magawo awiri mwa atatu imangothera kutenthetsa injini ndi kutuluka mu ekizozi. Mukagula malita atatu, awiri mwaotcha chabe.

Galimoto ya magetsi ili ndi zinthu zazikulu zitatu. Choyamba ndi batire, lomwe nthawi zambiri limayalidwa pansi pa mipando ndipo limalemera makilogalamu 300 kapena kuposa. Chachiwiri ndi mota, yomwe imazungulira magetsi akadutsa m'mawaya okulungidwa pafupi ndi maginito. Chachitatu ndi kabokosi kolamulira kuchuluka kwa magetsi opita ku mota malinga ndi mmene dalaivala wapondera. Kilatchi mulibe, mapulagi mulibe, oyilo wa injini mulibe. Mphamvu yambiri ya m'batire, yoposa magawo atatu mwa anayi, imakafikadi ku matayala. Chinanso chosangalatsa n'chakuti galimotoyi ikamatsetsereka kapena dalaivala akaponda buleki, mota imasanduka jenereta n'kubwezera magetsi ena m'batire. M'dera la zitunda ndi zigwa ngati la Chiradzulu, zimenezi si zazing'ono.

Aliyense amene anaona chigayo cha dizilo chikusinthidwa kukhala cha magetsi akudziwa kale kusiyana kwake. Cha dizilo chimafuna mafuta, oyilo, madzi oziziritsira ndi makaniko pafupipafupi. Cha magetsi mumangoyatsa, ndipo mwini wake amatsitsa mtengo wogayitsira n'kupezabe phindu. Koma magetsi akathima, anthu amasenza matumba awo kubwerera ku cha dizilo chija, ngati chikadalipo.

Pali mtundu wachitatu umene uli pakati, wotchedwa haibulidi. Imeneyi ili ndi injini ya petulo komanso mota ndi batire laling'ono. Yambiri siitchajidwa pakhoma. Batire lake limadzaza lokha galimoto ikamayenda, ndipo limathandiza injini kuti isamwe mafuta ambiri. Yoyamba kutchuka inali Toyota Prius, yomwe inatuluka mu 1997.

Masamu a m'thumba

Magetsi timagula pa mayunitsi, ndipo batire nalo amaliyeza pa mayunitsi omwewo. Galimoto yaing'ono ya magetsi imadya mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Ya petulo ya msinkhu womwewo imamwa malita 6 kapena 7. Titenge mitengo ya kumapeto kwa 2023, ndalama ya kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Lita ya petulo inali K2,530, choncho malita 7 anali K17,710. Yuniti ya magetsi a pakhomo inali pansi pa K250, choncho mayunitsi 18 sakanapitirira K4,500. Mitengo yasintha kuchokera nthawiyo, koma mungathe kubwereza masamuwa ndi mitengo ya lero. Mpata wake umakhalabe waukulu.

Ndiye bwanji aliyense sakuthamangira kukagula? Chifukwa munthu sagula makilomita, amagula galimoto, ndipo ndalama ya galimoto imafunika yonse tsiku limodzi. Batire ndi chiwiya chodula kuposa china chilichonse m'galimotoyi. Wogula amalipira zambiri poyamba kuti azidzapulumutsa pang'onopang'ono m'tsogolo. Kumaiko kumene ngongole ya kubanki ili ndi chiwongoladzanja chochepa, zimenezi n'zotheka. Kuno, kumene chiwongoladzanja chakhala chikupitirira 25 peresenti pachaka, kudikira zaka zisanu kuti ndalama ibwerere ndi mwayi wa anthu ochepa.

Masamuwa amakomera munthu woyenda kwambiri. Mphunzitsi amene galimoto yake imatuluka Loweruka ndi Lamulungu lokha sadzaona phindu msanga. Woyendetsa takisi kapena kabaza, amene mafuta amamudyera gawo lalikulu la ndalama ya tsiku, amaliona mwezi woyamba.

Amatisankhira ndi a ku Japan

Pali mfundo ina imene okonda magalimoto a magetsi sakonda kuitchula. Amalawi ambiri sagula galimoto yatsopano. Timaitanitsa zogwiritsidwa kale ntchito, makamaka kuchokera ku Japan, chifukwa nawonso amayenda kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chili kumanja ngati kwathu. Ma Sienta, ma Probox, ma Vitz ndi maminibasi amene amadzaza msewu wa Limbe kupita ku Zomba, ambiri anayamba atumikira eni ake ku Tokyo kapena Osaka kwa zaka zingapo. Choncho galimoto imene idzaime pa Mbombwe zaka khumi zikubwerazi, ina mwa izo ikugulidwa lero ku Japan.

Ndipo anthu a ku Japan sakugula kwenikweni magalimoto a batire lokha. Pa magalimoto atsopano 100 kumeneko, a mtundu umenewu ndi awiri kapena kuchepera. Iwo amakonda haibulidi. N'chifukwa chake m'misewu ya Blantyre mukuchuluka ma Toyota Aqua ndi ma Honda Fit a haibulidi, osati magalimoto otchaja pakhoma. Kusinthaku kwayamba kale mwakachetechete, ndipo eni ake ambiri sadzitcha n'komwe kuti ali ndi galimoto ya magetsi. Amangoti "siimwa mafuta".

Ya batire lokha yopezeka mosavuta pa msika wa ku Japan ndi Nissan Leaf, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2010. Zoyambirira zinali ndi batire la mayunitsi 24, lokwanira makilomita ocheperapo 200 lili latsopano. Koma batire limakalamba, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga, makamaka la Leaf zakalezo lomwe lilibe madzi oliziziritsa. Yakale yotereyi ingakwanitse kuchoka pa Mbombwe kupita ku Limbe n'kubwerako bwinobwino. Ulendo wa ku Lilongwe, wa makilomita oposa 300, ndi nkhani ina. Wogula galimoto yakale ya petulo amamvetsera kulira kwa injini ndi kuona mtundu wa utsi. Batire sililira ndipo silifuka, thanzi lake limadziwika pokhapokha polumikiza kompyuta. Amene alibe chida chimenechi akugula chinthu chimene sanachione.

Chingasinthe zinthu ndi China. Makampani monga BYD akupanga magalimoto a magetsi otsika mtengo, ndipo ena ali ndi chiwongolero kumanja chifukwa amagulitsidwa ku Thailand, Australia ndi South Africa. Amenewa akadzayamba kukalamba n'kulowa pa msika wa zogwiritsidwa kale ntchito, mpamene Mmalawi wamba adzakhale ndi chosankha chenicheni.

Nanga magetsiwo ali kuti?

Wina anganene monyoza kuti, "Babu likulephera kuyaka usiku wonse, ndiye mukuti galimoto?" Funsoli n'lomveka ndipo likufunika yankho loona.

Magetsi athu ambiri amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ESCOM ndiyo imawagawa. Ubwino wake ndi wakuti ndi magetsi a madzi athu, osafuna ndalama zakunja tsiku ndi tsiku. Kuipa kwake tinakuona mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko linakhala mu kuthimathima kwa chaka choposa chathunthu. Kuchokera nthawi imeneyo magetsi a dzuwa akuthandiza: ku Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60, ndipo ku Golomoti kuli wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira. Palinso ntchito yolumikiza mawaya athu ndi a ku Mozambique kudzera pa Phombeya ku Balaka, komanso damu la Mpatamanga lomwe likuyembekezeka kudzapereka mamegawati oposa 350.

Koma vuto lalikulu lili pafupi ndi khomo. Pa kalembera wa 2018, nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM zinali pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse, ndipo kumidzi zinali zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ku Norway munthu amafika kunyumba madzulo, n'kulumikiza galimoto pakhoma, m'mawa yadzaza. Soketi wamba imatha kudzaza batire laling'ono pa maola 10 kapena 12, ndipo imakoka magetsi ofanana ndi a ketulo imodzi yowiritsira madzi. Kwa amene ali ndi mita pakhomo, zimenezi n'zotheka ngakhale magetsi azithima masana. Kwa amene amakatchajitsa foni kugolosale, galimotoyi alibe poilumikiza.

Zotchajira zachangu, zodzaza batire pa theka la ola, zimakoka magetsi ofanana ndi maketulo 25 oyaka nthawi imodzi. Thiransifoma ya pa kamsika ka kumudzi, yomwe ikunyamula kale zigayo, owotcherera zitsulo ndi mafiriji a m'magolosale, singalandire katundu wotero popanda kusinthidwa. Zotchajira zimenezi zidzayambira m'mizinda ndi m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kumidzi zidzafika mochedwa.

Matayala awiri adzatsogola

Kuganiza kwanga n'kwakuti magetsi adzafika pa Mbombwe atakwera njinga yamoto. Onani amene akunyamula anthu m'misewu ya fumbi ya Chiradzulu lero: si galimoto, ndi kabaza. Njinga imamwa malita awiri kapena atatu pa makilomita 100, pamene ya magetsi imadya mayunitsi anayi kapena asanu. Batire lake munthu mmodzi amalinyamula m'manja. Kulitchaja sikufuna thiransifoma yatsopano. Masola angapo pa denga la sitolo angathe kudzaza mabatire a njinga zingapo patsiku, ngakhale pamalo pomwe mawaya a ESCOM sanafike.

Maiko ena a mu Africa muno apeza kale njira yothetsera mavuto awiri aakulu, mtengo wa batire ndi nthawi yodikira kuti lidzaze. Wakabaza amagula njinga yokha popanda batire. Batire limakhala la kampani. Likatha, amaima pa malo osinthira, n'kusiya lakutha, n'kutenga lodzaza, n'kulipira magetsi okhawo. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa. Ku Rwanda kampani ya Ampersand yakhala ikuchita zimenezi mumzinda wa Kigali kwa zaka zingapo, ndipo kuyambira Januwale 2025 boma la dzikolo linasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mumzindawo. Kampani ya Spiro ikuchita chimodzimodzi ku Benin, Togo, Kenya ndi Uganda. Ku Nairobi mabasi a magetsi a BasiGo akunyamula anthu, chifukwa basi imayenda msewu umodzimodzi tsiku lililonse ndipo imagona malo amodzi pomwe ingatchajidwe usiku.

Ethiopia ndiye anachita zoopsa. Mu 2024 analetsa kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo. Chinawakakamiza si utsi kwenikweni koma ndalama zakunja zomwe zinkathera ku mafuta, pamene dziko lawo lili ndi damu lalikulu pa mtsinje wa Blue Nile lopanga mamegawati oposa 5,000. Vuto lawo ndi lathu n'lofanana, kusiyana kwake n'kwakuti iwo anayamba ndi damu.

Izi sizikutanthauza kuti wakabaza wa ku Chiradzulu adzangolumphira. Iye adzafunsa mafunso ake. Kodi njingayi ikwera chitunda itanyamula munthu ndi thumba la chimanga? Kodi iwoloka khwawa nthawi ya dzinja batire osalowa madzi? Ikaonongeka, sipeya ndikaipeza ku Limbe kapena ndidikira miyezi? Njinga ya petulo ya ku China ili ndi mphamvu imodzi yaikulu: pa msika uliwonse pali mnyamata wodziwa kuimasula ndi kuimanganso pansi pa mtengo. Njira yosinthana mabatire nayo ili ndi msampha wake, poti wakabaza amamangirika ku kampani imodzi. Ikakweza mtengo kapena kutseka, amatsala ndi njinga yosayenda. Ndipo malo osinthira amafuna njinga zambiri pamalo amodzi kuti apindule, choncho adzayambira ku Limbe ndi Blantyre, kenako m'misika ya m'mbali mwa msewu wa phula monga Njuli ndi Mbulumbuzi, asanalowe m'kati.

Malole onyamula feteleza, simenti ndi fodya adzakhalabe pa dizilo nthawi yaitali, chifukwa katundu wolemera pa ulendo wautali amafuna batire lalikulu ndi lodula kwambiri.

Miyala ya pansi pathu

Ngakhale galimoto ya magetsi itachedwa kufika, zipangizo zake zina zichokera kuno komwe. Batire limafuna lithiyamu, yemwe akukumbidwa ku Bikita ku Zimbabwe. Limafunanso kobati, yemwe wambiri amachokera ku Congo. Ndi girafaiti, mwala wakuda wa m'kati mwa pensulo, yemwe akukumbidwa ku Balama ku Mozambique ndipo wapezeka wambiri ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Mawaya amafuna kopa wa ku Zambia. Maginito a mota zambiri amapangidwa ndi miyala yosowa ya mtundu umene uli ku Kangankunde ku Balaka ndi pa phiri la Songwe ku Phalombe, boma loyandikana ndi Chiradzulu. Miyala yotereyi yambiri imakayengedwa ku China, ndipo phindu lalikulu lili pa kuyenga ndi kupanga batire, osati pa kukumba.

Batire likatha ntchito m'galimoto limakhala likadali ndi mphamvu yokwanira kusunga magetsi a sola pakhomo kwa zaka zina. Koma likafa kotheratu silotayira kudzala kapena kuliswa ndi nkhwangwa monga ena amachitira ndi mabatire a mtovu. Likabooka limatha kuyaka moto wovuta kuzima.

Adzalipire msewu ndani?

Pali chinthu chimodzi chimene boma liyenera kuganizira kusinthaku kusanakule. Mtengo wa lita ya petulo, umene amaulengeza a bungwe la MERA, si wa mafuta okha. M'kati mwake muli timisonkho tingapo. Kena kamapita ku thumba lokonzera misewu, lomwe amaliyang'anira a Roads Fund Administration. Kena kamapita ku MAREP, ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi. Ndiye kuti wakabaza aliyense akamathira petulo, akusonkha nawo ndalama yodzala mapolo a magetsi m'midzi ndi yokwirira maenje a mumsewu.

Njinga ya magetsi imayenda pa msewu womwewo, imadalira mawaya omwewo, koma silipira timisonkho ta pa lita ya petulo. Zikakhala zochepa palibe angadandaule. Zikadzachuluka, ndalama yokonzera misewu ndi yokokera magetsi kumidzi idzayamba kuchepa pa nthawi yomwe magetsiwo akufunika kwambiri. Maiko amene ali patsogolo akumana kale ndi zimenezi: Norway anayamba kubwezeretsa misonkho ina pa magalimoto a magetsi, ndipo New Zealand kuyambira mu 2024 amawalipiritsa malinga ndi makilomita amene ayenda. Kwathu kuno zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zimatolera kale kwa galimoto iliyonse posayang'ana kuti imayendera chiyani, koma zonse ziwiri zili pa M1. Misewu ya fumbi yolowera ku Mbombwe ilibe chipata, ndipo giredala ikabwera kudzaisalaza, mbali ina ya ndalama yake imachokerabe pa lita ya petulo ndi dizilo.